Mbale imodzi ku Antiokeya: kumene mkangano wa chisomo, chikhulupiriro ndi kumvera unayambira

Mkangano woyamba waukulu mu mpingo wa Chikhristu unabuka pa nthawi ya chakudya. Masiku ano tikamva za chisomo ndi ntchito timaganiza za abusa ndi aphunzitsi a zaumulungu atatsegula mabuku, koma poyamba funso linali loti ndani angadye ndi ndani.

Malo ake anali Antiokeya wa ku Siriya, mzinda umene lero ukutchedwa Antakya m'dziko la Turkey. Pa nthawiyo unali wachitatu pa kukula mu ufumu wa Aroma, wongoposedwa ndi Roma ndi Alexandria, ndipo n'kumeneko kumene ophunzira a Yesu anayamba kutchedwa Akhristu. Mpingo wa kumeneko unali wosakanikirana. Munali Ayuda, munalinso Agiriki ndi Asiriya osadulidwa, anthu amene anakula akudya nkhumba ndi nyama yoperekedwa nsembe kwa mafano. Akhristuwo analibe nyumba zawozawo zopemphereramo. Ankasonkhana kunyumba kwa mmodzi wa iwo n'kudyera limodzi, ndipo Mgonero wa Ambuye unkachitikira pa chakudya chomwecho.

Paulo akusimba mu Agalatiya 2 kuti Petro atafika ku Antiokeya ankadya nawo bwinobwino anthu a mitundu ina. Kenaka kunafika alendo ochokera kwa Yakobo, mbale wake wa Ambuye, ku Yerusalemu. Petro anayamba kubwerera m'mbuyo, kudzipatula. Ayuda ena anamutsatira, mpaka Barnaba yemwe, mnzake wa Paulo pa maulendo, anatengeka nawo. Paulo anamudzudzula Petro pamaso pa onse.

Aliyense amene anakulira pamudzi akudziwa zimene zimatanthauza munthu amene unkasamba naye m'manja m'beseni limodzi akayamba kudyera kwina alendo atabwera. Sanakutukwane, sanakuthamangitse, koma wakuuza malo ako. Mgiriki wobatizidwa wa ku Antiokeya anamva uthenga womveka bwino tsiku limenelo: Yesu wakulandira, inde, koma kuti ukhale pamphasa imodzi ndi ife pali china chimene chikusowa pa iwe. Paulo anaona kuti mawu akuti “pali china chikusowa” akugwetsa uthenga wonse. N'chifukwa chake atangomaliza kusimba za chakudyacho akulumphira ku mawu amene akhala akuvutitsa mipingo zaka pafupifupi 2,000, akuti munthu sayesedwa wolungama ndi ntchito za lamulo koma mwa chikhulupiriro cha Yesu Khristu.

Anthu ochokera kwa Yakobo aja timakonda kuwayesa oipa, ouma mitima. Si chilungamo kutero. Iwo anali ndi vesi lawo, ndipo linali lolimba. Mu Genesis 17 Mulungu akupereka mdulidwe kwa Abrahamu ngati pangano losatha, nanena kuti mwamuna wosadulidwa adzachotsedwa pakati pa anthu ake. Yesu mwini anadulidwa pa tsiku lachisanu ndi chitatu. Komanso magazi anakhetsedwapo chifukwa cha nkhaniyi. M'chaka cha 167 Khristu asanabadwe, mfumu Antiochus IV, imene likulu lake linali Antiokeya yemweyu, inaletsa mdulidwe ndi Sabata, ndipo inkakakamiza Ayuda kudya zodetsedwa. Buku loyamba la Amakabeo likusimba za amayi amene anaphedwa chifukwa chodula ana awo, makandawo atapachikidwa m'khosi mwawo. Kwa Myuda wodziwa mbiri imeneyi, kumuuza kuti mdulidwe ndi malamulo a zakudya zilibe kanthu kunali ngati kulavulira manda a makolo ake. Funso lawo linali la kumvera: Mulungu analamula, nanga wasintha ndani?

Mawu atatu ndi katundu amene anasenza

Tisanapitirire ndi nkhaniyi, tione mawu atatu amene akukanganirawo, chifukwa pena Chichewa chimatithandiza kuposa zinenero zina, pena chimatisocheretsa.

Loyamba ndi lachigiriki lakuti charis. Amene anakula ndi Buku Lopatulika amalidziwa ngati chisomo. Akatolika popemphera amamutchula Maria kuti wachaulere chodzaza. Mabaibulo ena atsopano amati kukoma mtima kwa Mulungu. Kumasulira kulikonse kwagwira mbali yake. Vuto lili pa mmene timaligwiritsira ntchito pa msewu. Munthu akapulumuka pa ngozi ya minibasi, kapena akalembedwa ntchito anzake atasiyidwa, timati ndi chisomo, ndipo nthawi zambiri timangotanthauza mwayi. Chisomo chotere chilibe mwini. Chili ngati ndalama yotola panjira, ndipo ndalama yotola sulowera nayo pakhomo pa munthu kukathokoza.

Charis sinali ndalama yotola. Inali mphatso yochoka m'dzanja la wina kupita m'dzanja la wina, ndipo inkamanga ubale. Mu ufumu wa Aroma moyo unkayenda chomwechi: wolemera ankathandiza wochepa ndi ndalama, ndi malo, ndi kumulankhulira pa milandu, ndipo wothandizidwayo ankabweza ulemu ndi kukhulupirika. Seneca, munthu wanzeru wa ku Roma amene anakhala ndi moyo nthawi imodzi ndi Paulo, analemba buku lathunthu la kapatsidwe ka mphatso. Mwa njira ina anali pafupi ndithu ndi nkhani yathu, pakuti Galiyo, bwanamkubwa amene Paulo anaimirira pamaso pake ku Korinto mu Machitidwe 18, anali mbale wake wa Seneca. Seneca anatchula chithunzi chakale cha atsikana atatu ovina atagwirana manja, wina wopereka, wina wolandira, wachitatu wobweza. Analangizanso kuti wopatsa azisankha bwino womupatsa, monga mlimi safesa mbewu pa nthaka yoguga. Ife sitikusowa Seneca kuti atiphunzitse zimenezi. Akulu athu anati kupatsa n'kuika.

Chodabwitsa cha uthenga wa Paulo chili pa kusankhako. Iye akunena kuti Mulungu anafesa pa nthaka yoguga mwadala. Mu Aroma 5 akuti Khristu anafera osapembedza, tidakali ochimwa, tidakali adani. Umboni wake woyamba ndi iye mwini, munthu amene ankazunza mpingo nayesa kuufafaniza. Mulungu sanayang'ane mtundu wa munthu, mbiri yake, kapena mdulidwe wake asanamupatse. Koma palibe pamene Paulo akunena kuti wolandirayo angonyamula mphatsoyo n'kutembenuka. Chimene iye anachotsa ndi kuyenera kumene kumafunidwa mphatso isanaperekedwe. Ubale umene mphatso imabala anausiya uli chilili. Apa ndi pamene ambiri amaterereka, chifukwa “chaulere” m'makutu mwathu chimamveka ngati katundu wogawidwa pa msonkhano wa kampeni, amene umalandira n'kuiwala nkhope ya wogawayo.

Lachiwiri ndi pistis. Apa Chichewa chili bwino kwambiri, pakuti kukhulupirira ndi kukhulupirika ndi ana a mimba imodzi, monga momwe zilili m'Chigiriki. Pistis ndi kudalira munthu, ndiponso ndi kukhala munthu wodalirika. Mu Aroma 3:3 liwu lomweli likunena za kukhulupirika kwa Mulungu mwini. Kuvomereza ndi mutu kuti mfundo yakutiyakuti ndi yoona ndi kachigawo kakang'ono chabe ka tanthauzo lake. Mayi amene wasiya mwana wake kwa mnansi popita kuchipatala wamukhulupirira mnansiyo, ndipo umboni wake ndi mwana amene wamusiya pakhondepo.

Lachitatu ndi hypakoe, kumvera, ndipo muzu wake ndi liwu lachigiriki lotanthauza kumva. Chiheberi chimachitanso chimodzimodzi: shema, liwu loyamba la pemphero la pa Deuteronomo 6:4, limatanthauza kumva ndi kumvera pamodzi. Ife tikamati mwana uyu samva sitikunena za matenda a m'makutu. Tikudziwa kuti mawu amene sanafike m'miyendo ndi m'manja sanamvedwe. Taonani mmene Paulo akusinthanitsira mawuwa mu Aroma 10. Akudandaula kuti si onse anamvera Uthenga Wabwino, ndipo pofuna kutsimikiza akutchula Yesaya wofunsa kuti ndani anakhulupirira uthenga wathu, kenaka akuti chikhulupiriro chimadza ndi kumva. Kumva, kukhulupirira, kumvera, kwa iye ndi mpweya umodzi. Wolemba Ahebri akuchita zomwezo kumapeto kwa mutu 3, pamene akuti a m'chipululu aja sanalowe mu mpumulo chifukwa cha kusamvera, ndipo m'vesi lotsatira akuti chinali chifukwa cha kusakhulupirira.

Msonkhano wa ku Yerusalemu

Cha m'ma 49 Khristu atabadwa, nkhaniyi inafika ku Yerusalemu. Machitidwe 15 akuti ena ochokera ku Yudeya ankaphunzitsa kuti wosadulidwa monga mwa mwambo wa Mose sangapulumuke. Paulo ndi Barnaba anapita kukaonana ndi atumwi ndi akulu. Mu Agalatiya Paulo akusimba kuti pokakambirana nkhaniyi ku Yerusalemu anatenga Tito, Mgiriki wosadulidwa, ngati kunena kuti nayu munthuyo, muuzeni pamaso kuti si wathu. Tito sanakakamizidwe kudulidwa.

Petro anakumbutsa msonkhanowo za Korneliyo, msilikali wachiroma amene analandira Mzimu Woyera asanachite mwambo uliwonse wachiyuda. Anafunsa chifukwa chosenzetsera ophunzira goli limene makolo awo ngakhale iwo eni analephera kulisenza, namaliza ndi kunena kuti Ayuda akupulumuka ndi chisomo cha Ambuye Yesu monganso amitunduwo. Mverani bwino katembenuzidwe kake. Sananene kuti iwo adzapulumuka monga ife. Anati ife monga iwo.

Wogamula anali Yakobo, mbale wake wa Ambuye. Anati amitundu asavutitsidwe, koma alembedwe kalata yowapempha kupewa zinthu zinayi: zoperekedwa nsembe kwa mafano, magazi, nyama yopotola, ndi dama. Kalatayo anapita nayo Yudasi Barsaba ndi Sila. Zitatu mwa zinayizo ndi za chakudya, kusonyeza kuti nkhawa inali idakali ya pamphasa paja, yoti Myuda ndi Mgiriki athe kudyera limodzi popanda wina kunyansidwa. Msonkhano umene unachotsa goli ndi womwewo umene unapereka malangizo, ndipo palibe amene anaona kuti zikutsutsana.

Paulo mwini sanali munthu wa mzere umodzi. Atangochoka pa nkhani imeneyi, Machitidwe 16 akuti anamudula Timoteyo, mwana wa mayi wachiyuda ndi bambo wachigiriki, chifukwa cha Ayuda a m'madera amenewo. Kwa Tito anakana, kwa Timoteyo analola. Mpeni ndi womwewo. Chosiyana n'chakuti kwa Tito mdulidwe ukanakhala khomo lolowera kwa Mulungu, pamene kwa Timoteyo unali wongochotsa chopunthwitsa pa ntchito.

Abrahamu mmodzi, mboni ya mbali zonse

Mkangano sunathe ndi kalata. Aphunzitsi ena anafika ku mipingo ya ku Galatiya ndi uthenga womwe uja, ndipo Paulo analemba kalata yaukali kuposa zonse, yopanda ngakhale mawu oyamika Mulungu amene amatsegulira nawo makalata ake ena. Chida chake chachikulu ndi kalendala. Pa Genesis 15:6 Abrahamu anakhulupirira Mulungu, ndipo kunawerengedwa kwa iye chilungamo. Mdulidwe ukubwera pa Genesis 17, Abrahamu ali ndi zaka 99. Lamulo la Mose, malinga ndi kuwerenga kwa Paulo mu Agalatiya 3, likubwera patapita zaka 430. Choncho pa tsiku limene Mulungu anamuyesa wolungama, Abrahamu anali wosadulidwa, wofanana ndi Mgiriki wa ku Antiokeya uja.

Kodi “ntchito za lamulo” zimene Paulo akukana ndi ziti? Akatswiri amagawikana. Ena amati ankanena makamaka za mdulidwe, zakudya ndi masiku opatulika, zizindikiro zosiyanitsa Myuda ndi amitundu. Amaloza mpukutu wina wopezeka ku Qumran pafupi ndi Nyanja Yakufa, wodziwika ndi dzina lakuti 4QMMT, umene uli ndi mawu omwewa m'Chiheberi, ndipo mndandanda wake ndi wa malamulo a kuyeretsedwa, nsembe ndi ukwati. Ena amati Paulo ankakana chilichonse chimene munthu angabweretse kwa Mulungu ngati malipiro, ndipo amaloza Aroma 4, pamene akusiyanitsa mphoto ya waganyu ndi mphatso. Ine ndimaona kuti nkhaniyo inayambira pa mdulidwe koma Paulo sanaimire pomwepo. Mu Afilipi 3 akuyala mbiri yake yonse, kuti anadulidwa tsiku lachisanu ndi chitatu, ndi wa fuko la Benjamini, Mfarisi, wachangu, wosalakwa pa lamulo, ndipo zonsezi akuzitaya ku dzala. Pa mndandandawo pali zobadwa nazo, palinso zodzigwirira yekha. Zonse zikutayidwa limodzi.

Uthenga wotere uli ndi ngozi yake, ndipo ngoziyo sinadikire zaka mazana. Paulo adakali moyo anthu ankamunamizira kuti amaphunzitsa kuti tichite zoipa kuti zabwino zibwere; akudandaula yekha pa Aroma 3:8. Ku Korinto ena ankayenda ndi mawu akuti zinthu zonse n'zololedwa. N'chifukwa chake mu Aroma 6 akudzifunsa kawiri funso limene omutsutsa ankamufunsa, ngati tizichimwabe kuti chisomo chichuluke, ndipo kawiri konse akukana mwamphamvu. Yankho lake si lakuti chenjerani, Mulungu angakulandeni mphatsoyo. Akuti wobatizidwa anafa naikidwa m'manda pamodzi ndi Khristu, ndipo wakufa sabwerera kukagwira ntchito kwa bwana wake wakale. Munthu aliyense amamvera winawake, kaya uchimo kaya chilungamo. Chisomo chamuchotsa m'manja mwa bwana wina n'kumuika m'manja mwa wina. Pomwepo akuyamika Mulungu kuti Akhristu a ku Roma anamvera ndi mtima wonse.

Kalata ya kwa Aroma, yolembedwa ku Korinto cha m'ma 57, ndi imene imatengedwa ngati likulu la chiphunzitso cha chisomo. Komabe ikutseguka pa 1:5 ndi kutsekeka pa 16:26 ndi mawu amodzimodzi, akuti kumvera kwa chikhulupiriro. Paulo akuti utumwi wake wonse cholinga chake n'chimenecho. Aefeso 2 nayenso amadulidwa pakati kawirikawiri. Vesi 8 ndi 9, onena kuti tinapulumutsidwa ndi chisomo osati ndi ntchito, amalembedwa pa makalendala ndi kumbuyo kwa malole. Vesi 10, lonena kuti tinalengedwa mwa Khristu kuti tichite ntchito zabwino zimene Mulungu anazikonzeratu, limatsala m'buku.

Ndiye pali Yakobo, amene m'kalata yake pa 2:24 akunena mosabisa kuti munthu amayesedwa wolungama ndi ntchito, osati ndi chikhulupiriro chokha. Mukaika vesili pambali pa Aroma 3:28 zikuoneka ngati anthu awiri akulozana zala. Ndipo Yakobo nayenso akuitana Abrahamu yemweyo kukhala mboni, akutchula vesi lomwelo la Genesis 15:6.

Pali zosiyana zenizeni zimene zimachepetsa mkanganowu. Yakobo sakutchula mdulidwe kapena zakudya ngakhale kamodzi. Mpingo umene akuulembera uli ndi vuto lina. Munthu wovala mphete yagolide akalowa amamulozera mpando wabwino, wosauka wovala nsanza amauzidwa kuti aime uko kapena akhale pansi. Eni minda akubisa malipiro a okolola. M'bale wausiwa ndi wanjala akuuzidwa kuti apite ndi mtendere, akafunde ndi kukhuta, osamupatsa kanthu. Ntchito za Yakobo ndi chakudya, chovala, kuchezera amasiye. Chikhulupiriro chimene akuchinyoza ndi chongovomereza kuti Mulungu ndi mmodzi, chimene akuti ziwanda nazonso zili nacho, mpaka zimanjenjemera. Paulo sakanachitcha chikhulupiriro chimenecho. Iye pa Agalatiya 5:6 akunena za chikhulupiriro chogwira ntchito mwa chikondi. Komanso awiriwa akuima pa malo osiyana m'moyo wa Abrahamu. Paulo waima pa Genesis 15, usiku umene nkhalamba yopanda mwana inauzidwa kuwerenga nyenyezi. Yakobo waima pa Genesis 22, pa phiri, Isaki atamangidwa, ndipo akuti pamenepo lembo lakale lija linakwaniritsidwa.

Komabe sindikonda kufafaniza kusiyanako mpaka kuoneke ngati kulibe. Yakobo anasankha mawu amenewo akudziwa. Zikuoneka kuti ankayankha anthu amene anatola mawu a Paulo n'kuwasandutsa chofunda chogonera. Kalata yachiwiri ya Petro ikuvomereza poyera kuti m'makalata a Paulo muli zina zovuta kuzimvetsa, zimene osaphunzira amazipotoza. Mpingo posonkhanitsa mabuku ake unasunga onse awiri osasintha liwu, Paulo wotseka pakamwa munthu wodzitama ndi Yakobo wodzutsa munthu wogona. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti onse awiri anakwiyira chinthu chofanana. Paulo anaona Mgiriki akusiyidwa yekha pa chakudya. Yakobo anaona mmphawi akukhazikidwa pansi. Onse akulankhula za malo okhala mu msonkhano.

M'badwo wotsatira sunaone vuto lalikulu pamenepa. Cha m'ma 96 mpingo wa ku Roma unalembera wa ku Korinto kalata imene imadziwika ndi dzina la Clement. M'mutu 32 ikuti sitiyesedwa olungama ndi nzeru zathu, kupembedza kwathu kapena ntchito zathu, koma mwa chikhulupiriro. Mutu wotsatira ukuyamba ndi kufunsa ngati tsono tichite ulesi pa zabwino, ndipo ukukana. Kalata yomweyo ikuti Rahabu anapulumuka chifukwa cha chikhulupiriro ndi kuchereza alendo, osaona chifukwa chosankhapo chimodzi. Kabuku kena kakale kotchedwa Didache, kamene kanapezekanso ku Constantinople mu 1873, kakuyamba ndi njira ziwiri, ya moyo ndi ya imfa, n'kuyala malangizo ambirimbiri. Kenaka kakunena mawu aubusa okoma: ngati ungathe kusenza goli lonse la Ambuye udzakhala wangwiro, koma ngati sungathe, chita chimene ungathe.

Mikangano yotchuka inadza pambuyo, ndipo inali ndi mafunso ake. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, anapemphera kuti Mulungu apereke chimene akulamula, ndipo alamule chimene afuna. Pelagius, mphunzitsi wina wa nthawi yomweyo, anakhumudwa ndi pempherolo poona ngati likuchotsa udindo wa munthu, ndipo chiphunzitso chake chinakanidwa ku Carthage mu 418. Martin Luther, pomasulira Chipangano Chatsopano m'Chijeremani mu 1522, anawonjezera liwu lakuti “chokha” pa Aroma 3:28, natcha kalata ya Yakobo kalata ya udzu. Msonkhano wa Akatolika wa ku Trent unayankha mu 1547. Pa 31 Okutobala 1999, ku Augsburg, Akatolika ndi Alutherani anasainira chikalata chogwirizana pa mfundo zazikulu za nkhaniyi. Amethodisti anavomereza mu 2006, ndipo bungwe la mipingo ya Reformed padziko lonse mu 2017. Zonsezi n'zofunika, koma zimatipangitsa kuwerenga Paulo ngati ankakangana ndi papa, pamene iye ankakangana ndi Petro pa nkhani ya mbale ya chakudya.

Thumba la ndalama lotchedwa chisomo

Pa kukumana kwa ku Yerusalemu kuja, Yakobo, Petro ndi Yohane atagwirana chanza ndi Paulo ndi Barnaba, anapempha chinthu chimodzi: kuti azikumbukira osauka. Paulo akuti chimenecho ankafunitsitsa kale kuchita. Ndipo anachitadi, kwa zaka zingapo. Anayendetsa chopereka m'mipingo ya amitundu ku Galatiya, ku Makedoniya ndi ku Akaya, chothandizira okhulupirira osauka a ku Yerusalemu. Akorinto anawalangiza kuti tsiku loyamba la sabata iliyonse aliyense aziika kena pambali monga mwa kupeza kwake, kuti pasadzakhale kuthamangathamanga iye akadzafika.

Dzina limene anapatsa choperekacho ndi charis. Mu 2 Akorinto 8 ndi 9, mitu iwiri yonena za ndalama, liwuli likupezeka kakhumi. Ndi chisomo chimene Mulungu anapatsa mipingo ya ku Makedoniya, imene inapereka koposa mphamvu zake ili mu umphawi wadzaoneni. Ndi mwayi wopereka nawo, umene Amakedoniyawo anachita kuupempha. Ndi thumba lenilenilo limene Tito akutumidwa kukalimaliza. Ndi chisomo cha Ambuye Yesu, amene anali wolemera nasanduka wosauka chifukwa cha ife. Ndipo pomaliza ndi liwu la kuyamika Mulungu chifukwa cha mphatso yake yosaneneka. M'Chichewa timakakamizika kugwiritsa ntchito mawu osiyanasiyana, ndiye ulusiwo umatayika, koma m'Chigiriki atsikana atatu a Seneca aja onse ali ndi dzina limodzi. Pa 9:13 Paulo akutcha kupereka kumeneku kugonjera kwa chivomerezo chawo ku Uthenga Wabwino. Ndipo m'mitu yomweyo akuti sakulamula, aliyense apereke monga watsimikiza mumtima. Kumvera kopanda chikwapu kumaoneka chonchi. Ndi zimene ankatanthauza pa 1 Akorinto 15:10, pamene akuti anagwira ntchito koposa atumwi onse, koma nthawi yomweyo akudzikonza kuti si iye, ndi chisomo cha Mulungu chimene chinali naye.

Thumbalo linalinso yankho ku Antiokeya. Anthu osadulidwa, amene ena anakana kudya nawo, tsopano anali kutumiza chakudya ku Yerusalemu. Kulandira mphatso yotere kunali kuvomereza ubale, ndipo Paulo ankadziwa kuti mwina sikhala nkhani yapafupi. Pa Aroma 15 akupempha kuti amupempherere zinthu ziwiri: kuti apulumuke kwa osakhulupirira a ku Yudeya, ndi kuti thandizolo likalandiridwe ndi oyera mtima.

Anapita nalo iye mwini, pamodzi ndi nthumwi za mipingo. Machitidwe 20 akutchula Sopatro wa ku Bereya, Aristarko ndi Sekundo a ku Tesalonika, Gayo wa ku Derbe, Timoteyo, Tikiko ndi Trofimo. Atafika, m'mawa mwake anakaonana ndi Yakobo ndi akulu onse. Iwo analemekeza Mulungu pomva za amitundu, koma anamuuza kuti Ayuda okhulupirira zikwizikwi, achangu pa lamulo, amva mphekesera yoti iye amaphunzitsa Ayuda kusiya Mose. Anamupempha kuti adziyeretse pamodzi ndi amuna anayi amene anali ndi chowinda, ndi kuwalipirira zofunika. Mtumwi wa chisomo uja anamvera, nalowa m'Kachisi.

Masiku 7 a mwambowo ali pafupi kutha, Ayuda ena ochokera ku Asiya anamuona. Iwo anali atamuonapo kale m'mzinda akuyenda ndi Trofimo wa ku Efeso, ndipo anaganiza kuti wamulowetsa Mgirikiyo kupyola malire. Pa mpanda wa m'Kachisimo panali miyala yolembedwa yochenjeza kuti mlendo wodutsa pamenepo adzadziphetsa yekha. Umodzi unapezeka mu 1871 ndipo ukusungidwa ku Istanbul. Khamu linamukokera Paulo kunja, zitseko zinatsekedwa, ndipo anapulumutsidwa ndi asilikali achiroma amene anamumanga ndi maunyolo awiri. Anakhala m'ndende ku Kaisareya zaka ziwiri asanatumizidwe ku Roma. Yakobo anatsala ku Yerusalemu mpaka chaka cha 62, pamene mkulu wa ansembe Ananus, malinga ndi wolemba mbiri Josephus, anamuimba mlandu wophwanya lamulo n'kulamula kuti aponyedwe miyala.